MUSADIKIRE SITIMA: TIFUNE MABASI KU KADOMA NDI KU CHEGUTU

Abale athu amene muli m'migodi, m'mapulazi ndi m'makomboni m'maiko atatu amene kale anamangidwa m'goli la Chitaganya, tamverani. Alipo anthu ku Rimuka ndi ku Pfupajena amene akali kunena kuti mabvuto a ulendo adzatha tsiku limene sitima idzayenda monga kale. Ife titi iai.

Njanji yopyola pa Kadoma ndi pa Chegutu inatha kumangidwa mu 1902, kulumikiza Bulawayo ndi Salisbury. Atsamunda anaicha mizinda iwiriyi Gatooma ndi Hartley, maina amene anafafanizidwa mu 1982. Kodi njanjiyo anaimangira yani? Anaimangira migodi monga Cam and Motor, malasha a ku Wankie, ndi chimanga ndi thonje la m'mapulazi. Munthu wakuda malo ache anali kalasi yachinai, pa benchi ya thabwa. Pobwera Chitaganya mu 1953 sanabise konse: Huggins yemwe anafanizira chigwirizano chao ndi kavalo ndi womkwera. Tonse tidziwa amene anali kavalo.

Chitaganya chinafa pa 31 December 1963, koma njanji inatsala pomwepo, ikuloza kumene inalozetsedwa. Mu 1983 boma la Zimbabwe linaika mawaya a magetsi kuchokera ku Harare kufikira ku Dabuka pafupi ndi Gweru. Mawayawo anabedwa, ndipo sitima za magetsi zinaleka. Mu 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid, sitima za anthu zinaimitsidwa. Ngakhale masiku amene inali kuyenda bwino, sitima ya Harare ndi Bulawayo inali ya usiku. Mai wodwala wa ku Chakari ingamthandize chiani sitima yopita pakati pa usiku, pamene kwao kulibe njanji? Ku Sanyati kulibe. Ku Mubaira kulibe.

Msewu ndiwo ulipo. Msewu waukuru wa Plumtree ndi Mutare unayamba kukonzedwanso mu 2012, ndipo galimoto iri yonse yopyola pa zipata zache imalipira ndarama. Kuchoka pa Kadoma kufika pa Chegutu mtunda sukwana makilomita 40. Koma mabasi akuru a ulendo wautali amafuna munthu wa ku Harare kapena wa ku Bulawayo. Wa ulendo waufupi amamtenga pokhapo mpando uli wopanda mwini. Chotero wanchito amathera m'kagalimoto ka mushikashika, mopanikizana ngati matemba m'thumba, mtengo ukusintha monga afunira woyendetsa. Ikagwa mvula wakwera. Likalowa dzuwa wakweranso. Nanga ikachitika ngozi, ana amasiye akadandaule kwa yani?

Pasapezeke wina wotiuza kuti chinthuchi nchosatheka. Boma la Southern Rhodesia linali kuyendetsa malole a Ulere kukatuta makolo athu kutali, kudzera njira ya ku Tete ndi Mtoko, osalipiritsa kanthu, chifukwa linafuna mphamvu zao. Pamene anafuna anchito, njira anaipeza. Zidzukulu za machona omwewo, amene anakumba Dalny ndi kuomba nsaru kwa David Whitehead, zilephere bwanji kupeza basi yofika pa nthawi yache?

Sitikupempha kuti msewu uperekedwe kwa kampani imodzi. Izo tinaziona kawiri. Mu 1956 anthu a ku Harare anakana kukwera mabasi pamene mtengo unakwezedwa, motsogozedwa ndi City Youth League, ndipo anayenda pansi. Mu 2020 boma linalamula kuti makombi ayende pansi pa ZUPCO yokha. Mizere ya anthu inatalika mpaka lamulolo linachotsedwa mu 2022. Mwini basi akhale ali yense, koma amangidwe ndi pangano lolembedwa: nthawi yonyamukira ikhomedwe pa siteji poonekera onse, mtengo ulembedwe pa chitseko, ndipo basi inyamuke ngakhale siinadzaze. Yoyamba ichoke m'banda kucha kuti munthu afike pa nchito belu lisanalire, yotsiriza idikire otuluka usiku. Wophwanya pangano alandidwe chilolezo. Eni migodi nawonso asonkhepo, pakuti anthu okwerawo akupita kukawakumbira chuma iwo omwe.

Ena mwa inu mudzati, ife ndife alendo, tilankhulenji? Mau amenewo anatiphunzitsa ndi achibalo ndi akapitao a m'komboni. Zoona, kwa zaka zambiri zitupa za ana obadwira konkuno zinalembedwa kuti ndi za alendo. Koma malamulo akuru a dziko a mu 2013 anabvomereza kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe, amene kholo lache linachokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, ndipo iye anali kukhala m'dzikomo, ndi mbadwa. Pitani mukasinthe chitupa, mulembetse m'kaundula wa masankho. Makhansala a mzinda wa Kadoma ndi a ku Chegutu ndiwo ayang'anira masiteji a mabasi. Nkhaniyi muikambe m'mabungwe anu a maliro, ku mpingo, ku mzikiti ndi ku bungwe la anchito. Lembani maina anu pa kalata imodzi, musankhe akuru atatu kapena anai, akaipereke pa msonkhano wa khonsolo, ndipo afunse tsiku limene adzabwere kudzamva yankho.