Masamu a Chaka Choyamba Asakhale Sefa ya Ana a Kumudzi

Chaka chilichonse bungwe la National Council for Higher Education likatulutsa mayina a ophunzira amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, kuno ku Mphunzi ndi m'midzi yozungulira nkhalango ya Chongoni nthungululu zimamveka pakhomo limodzi kapena awiri. Mbuzi imagulitsidwa, mbatata ya kachewere imakumbidwa isanakhwime bwino, mwana n'kukwera basi ya ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo kapena ku Bunda. Chimene sitichikamba mokweza n'chakuti ena mwa ana omwewa amabwerako chaka chitangotha, mwakachetechete, osafuna kuonana ndi anthu. Mwa chinenero chawo amati awididwa. Ukawafunsa chimene chawagwetsa, kawirikawiri yankho limakhala limodzimodzi: masamu a chaka choyamba.

Ndinaphunzitsa masamu ku sekondale zaka zambiri ndisanapume n'kubwerera kumudzi kudzagwira khasu, choncho nkhaniyi imandikhudza monga mphunzitsi komanso monga kholo. Maganizo anga ndi akuti phunziro limeneli, la algebra, trigonometry ndi chiyambi cha calculus, lasanduka sefa m'mayunivesite athu. Ndipo chimene sefayo ikupima kwenikweni ndi sekondale imene mwana anachokera, pomwe nzeru zake sizinayesedwe n'komwe.

Taganizirani ana awiri atakhala pa benchi imodzi tsiku loyamba. Wina wachokera ku sukulu yogonera konko, yokhala ndi laibulale, ndipo pa mayeso a MSCE analembanso Additional Mathematics, kotero calculus anaionapo kale ali Fomu 4. Mnzakeyo wachokera ku CDSS kumene mphunzitsi mmodzi wa masamu amagwira Fomu 1 mpaka Fomu 4, buku limalimbiranidwa ndi kalasi yonse, ndipo mitu ina ya silabasi sanaifike chifukwa teremu inatha. Mapointi abwinowo anawapeza ndi khama lake, poloweza njira za mayeso akale a MANEB usiku ndi tochi. Mphunzitsi wa ku yunivesite akulowa, akulemba pa bolodi mwaliwiro, uku akunena kuti izi munaziphunzira kale ku sekondale. Woyamba uja akuvomera ndi mutu. Wachiwiriyo akungokopera, ndipo kukweza mkono pakati pa anthu mazanamazana akuopa kusekedwa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma mwana wa zaka 18 wochokera ku Lobi, amene wangofika m'tauni dzana, simungamudzudzule chifukwa cha manyaziwo.

Chondipweteka n'chakuti mwana wachiwiriyu ndiye wakulira pakati pa zinthu zimene masamuwa amafotokoza. Mabuku ambiri amene timagwiritsa ntchito analembedwa kunja. Mutu wonena za ntchito ya masamu pa moyo wa tsiku ndi tsiku amauika kumapeto, ndipo semesita ikafupika ndiwo umayamba kudumphidwa. Ikapezeka nthawi youwerenga, zitsanzo zake ndi za sitima yoyandikira doko kapena ngongole ya nyumba yobweza zaka 30 m'madola. Ine ndikuti titembenuze ndondomekoyi. Funso lenileni la kwathu libwere poyamba, zilembo ndi malamulo ake zibwere pambuyo, mwana atayamba kuzifuna yekha.

Nachi chitsanzo cha algebra chimene palibe M'malawi angachione chachilendo. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mawailesi onse analengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Afunseni ophunzira kuti: ngati dola yakwera ndi 44 pa 100 alionse, kodi ndiye kuti kwacha yataya 44 pa 100 ya mphamvu yake? Agawe 1,180 ndi 1,700. Apeza pafupifupi 0.69. Ndiye kuti ndalama imene munagona nayo m'thumba, kutacha inkagula 69 pa 100 ya madola amene inkagula dzulo lake, kutanthauza kuti inataya pafupifupi 31. Manambala onse awiriwa ndi oona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Ophunzira amene atsutsana pa funso ili kwa ola limodzi sadzasokonezanso x ndi 1/x moyo wawo wonse.

Katapila nayenso ndi mphunzitsi wabwino, ngakhale ndi wankhanza. Tiyerekeze kuti mayi wakongola K10,000 pa chiwongoladzanja cha 50 peresenti pamwezi, ndipo akalephera kubweza, chiwongoladzanjacho chimaberekanso chinzake. Pakutha pa miyezi 6 ngongole ija yapitirira K113,000. Mwana wa kumudzi waonapo njinga kapena malata a mnansi wake atalandidwa chifukwa cha zimenezi. Chimene sanauzidwe n'chakuti masamu ake ndi omwewo amene amafotokoza kuchulukana kwa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo oposa 17.5 miliyoni, 830,512 mwa iwo ali m'boma la Dedza lino, ndipo dziko lonse tinkachulukana ndi 2.9 peresenti pachaka. Logarithm, imene ana ambiri amaiona ngati chilango, imayankha funso limene nyakwawa iliyonse yoweruza milandu ya malire ingafune kulimva: pa liwiro limenelo, chiwerengero chimawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 24. Koma munda wa agogo ukhala womwewo.

Za trigonometry sindichulukitsa, chifukwa aliyense wokhala m'mapiri muno amaiponda ndi mapazi. Konkuno ku Chongoni kuli sukulu ya Malawi College of Forestry and Wildlife, ndipo wogwira ntchito za nkhalango sakwera paini kuti adziwe kutalika kwake. Amaima mamita 20 kuchokera patsinde, n'kuyeza ngodya yoyang'ana kunsonga. Ikakhala madigiri 50, achulukitsa 20 ndi 1.19, nambala imene trigonometry imapereka pa ngodyayo, apeza mamita pafupifupi 24, n'kuwonjezerapo msinkhu wake kufika m'maso. Munda wa pamtsetse wa madigiri 20 ukauyeza ndi chingwe n'kupeza mamita 100, pa mapu ndi mamita 94 okha. Ndipo kachipangizo ka mitengo itatu kooneka ngati chilembo cha A, kokhala ndi chingwe chomangirira mwala, kamene alangizi amatiphunzitsa podula akalozera, kamagwira ntchito chifukwa miyendo yake iwiri ndi yofanana. Mfundo imeneyo ili m'mabuku a ku sekondale.

Koma pamene mtima wanga uli ndi pa calculus, chifukwa ndiyo imaopedwa kwambiri pomwe funso lake mlimi aliyense amalidziwa. Tikabzala chimanga mwa njira ya Sasakawa, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, hekitala imodzi imalowa mbewu 53,333. Apo ndi kugawa chabe. Funso lovuta ndi la feteleza. Tiyerekeze, mongopereka chitsanzo, kuti thumba loyamba la feteleza likuwonjezera matumba 8 a chimanga pa zokolola, lachiwiri 5, lachitatu 3, lachinayi limodzi lokha. Zokolola zikukwerabe pa thumba lililonse, koma kakweredwe kake kakuchepa. Mlimi wochenjera safunsa kuti ndikolola zingati. Amafunsa kuti thumba lotsatirali lindibwezera ndalama yanga kodi? Amaleka kuthira pamene chimanga chowonjezerekacho chayamba kuchepa mtengo kuposa thumba la feteleza limene lachibala. Ophunzira akamva mawu akuti derivative amanjenjemera, chonsecho tanthauzo lake ndi limeneli: chinthu chikusintha mofulumira bwanji pa malo amene tafikawa. Mtengo wa feteleza ukakwera, kapena wa chimanga ukagwa pamsika, malo olekera amasuntha, ndipo masamu amatiuza kuti asuntha motani.

Apa ndi pamene pamalowa chimene a ku yunivesite amachitcha modelling, kutanthauza kutenga chochitika chenicheni, kuchivula zosafunika, kuchilemba m'masamu, kupeza yankho, kenaka kubwerera kumunda kukaona ngati yankholo likugwirizana ndi zoona. Gawo lomalizali ndilo lofunika kopambana, ndipo mwana wa kumudzi amaliposa wa m'tauni. Iye adzakuuzani msanga kuti chiwerengero chanucho chaiwala ng'amba ya mu Januwale, chaiwala mbozi, chaiwala kuti nthaka ya kudambo si yofanana ndi ya kumtunda, ndipo ngati ndi mbatata, chaiwala chiwawu chimene chimapsereza munda wonse mvula ikachuluka. Kudziwa pamene masamu ako akunama ndi luso limene ngakhale akatswiri amavutika nalo. Ifeyo tikubweza kumudzi ana amene anabwera nalo kale.

Wina asaganize kuti zimenezi ndi zoseweretsa za ana. Ronald Ross, dokotala amene mu 1897 ali ku India anatsimikiza kuti tizilombo ta malungo timakhala mu udzudzu, pambuyo pake anakhala pansi n'kulemba masamu a momwe matendawa amafalira. Anaonetsa kuti pothetsa malungo sipafunika kupha udzudzu wonse, koma kuuchepetsa kufika pansi pa mlingo wina wake, ndipo matendawo amayamba kuzilala okha. Ganizo limenelo likugwirabe ntchito pa nkhani za miliri mpaka lero. Phata lake ndi funso la liwiro la kusintha, lomwe lija la feteleza.

Ndidutseko pang'ono pa chinthu china. Phiri la Mphunzi lili m'gulu la malo 127 a zojambula za pamiyala a Chongoni amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira za Akafula zili ndi mizere, timadontho ndi zozungulira zina m'kati mwa zinzake, ndipo ndamvapo anthu ophunzira akunena monyadira kuti makolo athu ankadziwa kale masamu onsewa. Ine sindipita nawo kumeneko. Zojambulazo zili ndi ulemu wake, ngati mmene zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi gule zilili ndi wake, ndipo sizifunika kubwereka ulemu kwa Newton ndi Leibniz, amene anakonza calculus m'zaka za m'ma 1600. Kuuza mwana kuti masamu ali m'magazi mwake sikumuthandiza kukhoza mayeso. Chomuthandiza ndi mphunzitsi woyambira pa zimene mwanayo akudziwa.

Ndikudziwa chimene anzanga a ku yunivesite anganene. Ati makalasi ndi aakulu, aphunzitsi ndi ochepa, masabata a semesita ndi owerengeka, ndipo yunivesite si malo okonzera zimene sekondale inalephera. Atinso injiniya amene adzamange mlatho pa mtsinje wa Linthipe ayenera kudziwa masamu enieni, osati nthano za feteleza. Pa mfundo yomalizayi ndikugwirizana nawo kwathunthu. Mayeso asafewetsedwe, ndipo wosadziwa asapatsidwe digiri chifukwa chomumvera chisoni. Chimene ndikupempha ndi kusintha khomo lolowera, mlingo wotulukira ukhale pomwepo.

Koma zoti yunivesite si malo okonzera za sekondale, apo ndiye ayi. Mphunzitsi amene akulephera kufotokoza trigonometry ku CDSS anaphunzitsidwa ndi ndani? Anadutsa m'makalasi omwewa, ku Zomba, ku Mzuzu, ku Domasi kapena ku Nalikule, n'kuloweza njira popanda kumva chifukwa chake, ndipo zomwezo ndi zimene akupatsira ana athu. Yunivesite ikukolola zimene inafesa yokha.

Zina mwa zofunika kuchita sizilira ndalama zambiri. Pakati pa kutuluka kwa mayina ndi kutsegulira sukulu ana amakhala miyezi akungoyendayenda pamsika. Nthawi imeneyo akanatumiziridwa kabuku ka masamu okonzekera, ngakhale pa WhatsApp, popeza foni ya mtundu umenewo siisowa m'mudzi masiku ano. Sabata yoyamba pakhale kamayeso kosawerengera, kongofuna kuona pamene aliyense walekera, kuti wofooka adziwike mu sabata yoyambayo m'malo modziwika pa tsiku lomuwida. Ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi apatsidwe kangachepe kuti azitsogolera timagulu ting'onoting'ono, ndipo m'timagulumo asaletse kufotokozerana m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Mayeso adzalembedwa m'Chingerezi ndithu, koma kumvetsa kulibe chinenero chake chokha. Ndipo pa semesita iliyonse wophunzira aliyense abweretse vuto limodzi la kwawo, kaya la banki m'khonde, kaya la madzi a pachitsime amene amaphwa mu Okutobala, alilembe m'masamu, mamalikisi ake awerengeredwe.

Kuyambira mu 2021, pamene yunivesite ya Malawi inagawidwa n'kubala MUBAS ndi KUHeS pambali pa UNIMA, kuwonjezera pa Mzuni, LUANAR ndi MUST, sukulu iliyonse ili ndi mphamvu yokonza maphunziro ake. Ndikupempha akuluakulu a nthambi za masamu m'sukulu zimenezi kuti ayambe ndi chinthu chimodzi chimene ali nacho kale m'mafailo awo. Atulutse poyera chiwerengero cha ophunzira amene amalephera masamu a chaka choyamba, atachigawa potengera mtundu wa sekondale imene anachokera. Ngati ana a m'ma CDSS akugwa mofanana ndi anzawo, ndiye kuti vuto lili kwina ndipo tikalifune kumeneko. Ngati akugwa kuposa anzawo, aphungu athu, a unduna wa maphunziro ndi ife makolo amene timagulitsa mbuzi tili ndi ufulu wodziwa, mayina a chaka chamawa asanatuluke.