Tisamafulumire kufomata, tiziwerenga kaye

Lero ndati ndilankhulepo pa chizolowezi chimene chafala m'malabu athu a makompyuta. Chinthu chikangokanika, mankhwala ake ndi amodzi basi: kufomata. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi chikupha maphunziro, ndipo chitsanzo changa ndi compiler.

Kwa amene munaiwala, compiler ndi pulogalamu yomasulira zimene munthu walemba m'chinenero ngati C kapena C++ kuti makina azimve. Yotchuka ndi GCC, imene Richard Stallman anaitulutsa koyamba mu 1987, ndipo ndi yaulere. Makompyuta ambiri m'sukulu zathu ndi akale, ena ochita kupatsidwa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu 2020 ndi Windows 10 mu 2025, nchifukwa chake ena a ife tinasamukira ku Linux. Kumeneko munthu akafuna GCC yatsopano pa makina akale, nthawi zina amayenera kuimanga yekha kuchokera ku source code. Apa mpamene pagona nkhani.

GCC imamangidwa ndi compiler inzake, ndipo kuyambira GCC 4.8 ya mu 2013 pamafunika compiler ya C++. Imadzimanga katatu: yakale imamanga yoyamba, yoyambayo imamanga yachiwiri, yachiwiri nkumanga yachitatu, kenako ziwiri zomalizazi zimayerekezedwa kuti zioneke ngati zafanana. Pa makina athuwa ntchitoyi imadya maola ambiri. Ndiye ikaima pakati, mizere yachingerezi itadzaza sikirini yonse, mtima umaphwa. Koma mizere imeneyo si chipongwe ayi, makinawo akukuuzani pamene pakupweteka.

Choyamba, funani vuto loyamba, osati lomaliza. Mzere wapansi wonena kuti Error 2 umangolengeza maliro. Chimene chapha chili pamwamba. Ngati munalemba make -j4, mauthenga amasokonekera chifukwa ntchito zinayi zimayendera limodzi, choncho bwerezani ndi make yokha. Ikakanika pa configure, tsegulani config.log. Kawirikawiri mupeza kuti pakusowa GMP, MPFR kapena MPC, ndipo mu foda ya contrib muli kale download_prerequisites yokutengerani zimenezi. Ikadandaula za stubs-32.h, ndiye kuti ikufuna kumanganso za makina a 32-bit, onjezani --disable-multilib. Mukaona mawu oti Killed, RAM yachepa, chepetsani ntchito zoyendera limodzi. Komanso musamangire mu foda ya source code momwemo, pangani foda ina yapadera. Onani kuti pa mavuto onsewa palibe ngakhale limodzi limene lingathe pofomata.

Palinso china. GCC 14, imene inatuluka mu 2024, inayamba kukana zinthu zina za C zimene kale inkangochenjeza, monga kuitana function imene simunailengeze. Pulogalamu ya mwana imene inkayenda bwino chaka chatha ikhoza kukanika lero. Compiler sinaonongeke, cholakwacho chinalipo kale, kungoti yakaleyo inkachilekerera. Phunziro labwino kuposa limeneli mulipeza kuti?

Ndikudziwa chimene ena munene: nthawi ili kuti? Mphunzitsi yemweyo wa Computer Studies ali ndi masamu a Fomu 3, makope ali mulu, magetsi akuzimazima, bando ya intaneti njodula. Zoona. Ndipo ngati GCC imene inabwera ndi Linux yanu ikukwanira pa zimene mukuphunzitsa, isiyeni, musadzipalire mavuto. Koma mwana amene waona mphunzitsi wake akufufuta zonse pakakhala vuto amaphunzira kuti vuto ndi lothawa. Amene waona mphunzitsi akuwerenga mzere ndi mzere mpaka kupeza muzu wake, watenga luso limene adzadyere ngakhale ataiwala zonse zimene analemba pa mayeso a MSCE.

Za nthawi yochitira zimenezi, tiphunzire kwathu konkuno. Pachilumba cha Mbenji, mwa lamulo la a Senior Chief Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula kuyambira mu Disembala kuti utaka uswane. Msodzi wanzeru amasoka ukonde wake nthawi imeneyo, osati bwato lili kale pakati pa nyanja. Ifenso tizisintha compiler pa holide, osati mayeso a MANEB atayandikira. Yatsopanoyo muiike pa malo akeake pogwiritsa ntchito --prefix, yakale isachoke mpaka mapulogalamu onse a ana atayesedwa.

Pempho langa ndi ili: teremu ikubwerayi patulani phiriyodi imodzi yokha, muonetse ana uthenga wa vuto, muwerenge nawo pamodzi ndi kuumasulira m'Chichewa. Inu amene munamaliza sukulu ndipo muli pa ntchito za makompyuta ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mukabwera kumudzi tipezeni, mudzawaonetse ang'ono anu mmene mumachitira.