MAWU A MLANGIZI: KAWAYILESI KOBISIKA M'NYANGA YA CHIPEMBERE

Achikumbi a ku Thambani ndi midzi yozungulira, nkhani ya mlungu uno ndi ya nyama za ku Majete, nkhalango ya Boma imene ili kufupi nafe chakuno kwa Chikwawa. Kuyambira mu 2003 nkhalangoyi ikusungidwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi Boma. Chaka chomwecho anabweretsamo zipembere, mu 2006 njovu, ndipo mu 2012 mikango.

Kodi alonda amadziwa bwanji pamene nyama ili m'thengo lalikulu chotero? Nyama zina amaziveka lamba wa m'khosi wokhala ndi kawayilesi ndi batire. Chipembere lamba amavuka, tsono m'nkhalango zambiri za mu Africa amachigoneka ndi mankhwala, naboola nyanga, nabisamo kawayilesiko, natsekapo. Sichimva kuwawa pakuti nyanga ili ngati chikhadabo.

Kawayilesi kameneka kamalira usana ndi usiku, koma khutu la munthu silingamve. Nyama iliyonse ili ndi nambala yakeyake monga masiteshoni pa wayilesi yanu. Mlonda amakwera pamtunda, pakuti mapiri amatchinga mawu, natchera nambalayo, nazunguliza kamlongoti ka m'manja pang'onopang'ono. Mbali imene kulira kwakula ndiko kuli nyama. Akayesanso ataima pena, njira ziwirizo zimakumana pamene nyamayo ili. Malamba ena amasintha kaliridwe nyama ikakhala nthawi yaitali osagwedezeka, ndipo alonda amadziwa kuti kwagwa zovuta.

Tsono gwirani mawu atatu awa.

1. Njovu kapena mkango ukatuluka mu mpanda nufika kumunda, musauthamangitse ndi mikondo. Sungani ana m'nyumba, ndipo uzani a mfumu msanga kuti atumize mawu kwa alonda. Ngati wavala lamba, adzaupeza mosavuta.

2. Mukatola lamba wotere kuthengo, musamuphwanye kufuna batire, ndipo musamubise. Ngakhale m'nkhokwe kapena padenga, amalirabe ndi kuitana eni ake pakhomo panu. Kam'perekeni kwa a mfumu.

3. Lekani kutchera makhwekhwe. Lamulo losunga nyama monga linakonzedwera mu 2017 limalola khoti kupereka zaka mpaka 30 m'ndende kwa wopha chipembere kapena njovu. Bambo akamangidwa, munda alima ndani?

Amene mwawerenga muwafotokozereko anzanu pabwalo, makamaka anyamata oweta mbuzi ndi amayi opita kunkhuni.