Lucy Westenra Sadavomere: Potsutsa Mawerengedwe Otchuka a Dracula

Pali chiphunzitso chimene chazika mizu m'makalasi a zolembedwa mpaka ophunzira amachilakatula ngati katekisimu. Chimati nthano yaitali ya Bram Stoker yotchedwa Dracula, imene idasindikizidwa ku London m'chaka cha 1897, ndi nkhani ya chilakolako chopanikizidwa: akazi a ku England a m'nthawi ya Mfumukazi Victoria adali m'goli, ndipo mzukwa wopopa magazi wa ku Transylvania udabwera kudzawamasula. Akuti magazi akuimira umuna, kuluma kukuimira kugonana, chichiri chikuimira maliseche a mwamuna. Wophunzira akangoloweza masamu amenewa amakhoza mayeso ngakhale bukulo asadalitsirize. Chiphunzitsochi nchikomekome cha mkuyu. Chimaphonya zomwe zili m'buku, ndipo choipitsitsa nchakuti chimazoloweza achinyamata kutcha chikakamizo dzina la chikondi.

Sindikukana kuti m'bukumu muli zogonana. Jonathan Harker, loya wachinyamata wotsekeredwa m'linga la Dracula, akuvomereza m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti akazi atatu aja atamuweramira adawalakalaka uku akuchita mantha. Dracula akuwathamangitsa ponena kuti mwamunayo ngwake. Christopher Craft m'chaka cha 1984 adaonetsa bwino momwe malire a pakati pa mwamuna ndi mkazi akusokonekera pamenepa, ndipo Talia Schaffer m'chaka cha 1994 adalumikiza bukuli ndi mlandu wa Oscar Wilde wa 1895, munthu yemwe Stoker ankamudziwa kuchokera ku Dublin. Ntchito zimenezi nzolemera. Vuto lili ndi owatsatira, amene amalekeza kuwerenga tsamba lisadathe. Pakutha pa chochitika chomwecho Dracula akuwapatsa akaziwo thumba momwe muli mwana wamoyo kuti adye. Pambuyo pake mayi wa mwana wina atabwera kudzalira pakhomo, akumumemera mimbulu. Amene akulalikira za ufulu atiuze kuti mayi ameneyu wamasulidwa ku chiyani.

Tiyeni kwa Lucy Westenra, mpangankhani amene chiphunzitsochi chimamudalira kwambiri. Amuna atatu adamufunsira tsiku limodzi: dokotala John Seward, Quincey Morris wa ku Texas, ndi Arthur Holmwood. Polembera mnzake Mina, Lucy akuchita nthabwala yodandaula kuti bwanji mtsikana saloledwa kukwatiwa ndi onse atatu. Pa nthabwala imodzi imeneyi ozukuta amangapo mlandu wonse, kuti Lucy adali ndi chilakolako chosefukira ndipo ndicho chidaitana mzukwa. Koma kalatayo ikuonetsa mtsikana amene akumva chisoni pokhumudwitsa amuna awiri abwino, atasankha kale mmodzi. Ndipo Dracula akumupeza bwanji? Akumupeza kumanda a ku Whitby usiku, akuyenda ali m'tulo. Munthu wogona savomera kanthu. Kunena kuti Lucy ankazifuna ndi mawu omwe aja timawamva pabwalo la milandu, pamene wogwiriridwa akufunsidwa za kavalidwe kake.

Za Mina Harker nzoonekeratu kuposa apa. Dracula akulowa m'chipinda mwamuna wake atakomoka, akumuopseza kuti akangokuwa amupha Jonathan iye akuona, kenaka akudzicheka pachifuwa nkumukanikizira pakamwa pa balalo kuti asankhe pakati pa kumeza magazi ndi kubanika. Oteteza chiphunzitso chija amathamangira pomwe Mina akuulula kuti sadafune kumuletsa. Koma Mina yemweyo akulongosola kuti kufooka kumeneku ndi mbali ya temberero la mzukwawo, ndipo Dracula akunena yekha cholinga chake: akulanga amuna omusaka powalanda mkazi amene amamunyadira. Kwa iye thupi la Mina ndi bwalo la nkhondo ya amuna.

Nanga Dracula wachikondi uja adachokera kuti? Stoker akadafuna mzukwa wokopa, zitsanzo adali nazo. Lord Ruthven wa John Polidori, wa m'chaka cha 1819, ndi bwana wokopa akazi m'maphwando. Carmilla wa Sheridan Le Fanu, wa m'chaka cha 1872, amanyengerera mtsikana mnzake ndi mawu achikondi. Stoker adasankha nkhalamba ya ubweya m'zikhatho ndi mpweya wonunkha umene ukuchititsa Harker nseru. Chikondi tidachitenga ku mafilimu, makamaka ya Francis Ford Coppola ya 1992, imene idapeka zoti Mina ndi mkazi wakale wa Dracula wobadwanso. Ambiri a ife tikuphunzitsa filimu uku tikunamizira buku.

Wina asaganize kuti potsutsa Dracula ndikuyeretsa omusaka. Iwonso ali ndi mlandu, ndipo pano ndi pomwe kuwerenga mosamala kumapindula. Amuna anayi akuthira magazi awo m'thupi la Lucy ali chikomokere. Arthur akuti zimenezi zamusandutsa mkazi wake pamaso pa Mulungu, ndipo Van Helsing, podziwa kuti opereka adali anayi, akuseka mwachipongwe tsiku la maliro. Lucy atasanduka mzukwa, bwenzi lake lomwelo likumukhoma chichiri pamtima m'masiku omwe ukwati wawo ukadachitika, anzake ataima mozungulira ndi mapemphero. Pambuyo pake akumudula mutu ndi kumudzaza adyo m'kamwa. Van Helsing akuchita chimodzimodzi kwa akazi atatu a ku Transylvania. Koma Dracula mwini, gwero la mavuto onse, akufa m'kamphindi ndi mipeni iwiri, ya Harker ndi Morris, nkusanduka fumbi. Mwambo wonse wokhoma ndi kudula bukuli lausungira matupi anayi a akazi. Ndipo Mina, yemwe adasonkhanitsa umboni wonse, amunawa adamupatula pa zokambirana zawo ati pomuteteza, nkumusiya yekha usiku womwe mdani ankamuyendera.

Zonsezi timazimva kwa yani? Funso la mphendero ndi limene chiphunzitso cha zizindikiro chimalilumpha. Kuyambira pa The Castle of Otranto ya Horace Walpole ya 1764, imene idadzionetsa ngati kumasulira kwa zolembedwa zakale, nthano za mtundu wa Gothic zakonda kubisala kumbuyo kwa mapepala otoledwa. Stoker adatenga mwambowu nkuuveka zipangizo zamakono: makalata, matelegalamu, zodula m'nyuzipepala, mawu a Seward ojambulidwa pa makina, zonse zotayipidwa ndi Mina. Msimbankhani mmodzi palibe, koma pafupifupi osimba onse ali mbali imodzi. Dracula alibe tsamba lolemba yekha. Ngakhale mawu ake timawamva kudzera m'makutu a adani ake. Lucy akangomwalira liwu lake likutha, ndipo zoti nkhope yake idaonetsa mtendere atamukhoma tikuuzidwa ndi mmodzi wa amuna omwe Lucy adawakana aja, Seward. Pamapeto, patapita zaka zisanu ndi ziwiri, Harker akuvomereza kuti pa mulu wonse wa mapepalawo pafupifupi palibe chikalata chenicheni, koma zotayipa zokhazokha. Bukuli lokha likutichenjeza kuti tikuwerenga umboni wokonzedwa ndi opha.

Owerenga a kuno kwathu sayenera kuphunzitsidwa kulemera kwa mfundo imeneyi. Luise White, m'buku lake la Speaking with Vampires la m'chaka cha 2000, adalondoloza mphekesera za opopa magazi za m'nthawi ya atsamunda, kuphatikizapo za banyama ku Northern Rhodesia. M'Malawi mphekesera za anamapopa zidabuka m'chaka cha 2002 ndiponso mu 2017, pamene anthu angapo m'chigawo cha kummwera adaphedwa ndi magulu a anthu otsimikiza kuti akuteteza mabanja awo. Mphekesera zimenezi sizidachokere kwa Stoker, ndipo kuziphatikiza nkulakwa. Koma tikudziwa zomwe zimachitika gulu likagwirizana kuti mlendo ndi chilombo, woimbidwa mlandu osapatsidwa mpata woyankhula. Stephen Arata m'chaka cha 1990 adaonetsa kuti Dracula ndi mantha a mtsamunda woopa kulandidwa dziko ndi mlendo wakummawa amene waphunzira chinenero chake ndi malamulo ake nkugula nyumba mu London. M'nkhaniyo mzukwa ngweniweni ndipo ngwolakwa. Komabe chizolowezi chokhulupirira osaka popanda kuwafunsa mafunso nchoopsa kuchitengera kunja kwa buku.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga nlakuti tileke kupereka malikisi kwa wophunzira chifukwa choti wapeza chinthu chosongoka nkuchitcha umuna. Timufunse kuti pa chochitika chilichonse wavomera ndani, wakakamizidwa ndani, ndipo akusimba ndani. Akayankha mafunso atatuwa kuchokera m'masamba, adzaona kuti Lucy adalumidwa ali m'tulo, adathiridwa magazi ali chikomokere, adakhomedwa ali m'bokosi, ndipo pa zonsezi palibe adamufunsa maganizo. Ife ozukuta tisakhale gulu lachitatu lomuyankhulira.