Njinga zathu zatopa ndi zitunda za kwa Changata

Aliyense wokhala kuno kwa Changata amalidziwa phokoso limeneli. Njinga ikamatsetsereka, woyendetsa atabweza moto, ekizozi imayamba kuti pha! pha! pha! mpaka amayi othyola tiyi kudzutsa mitu m'munda. Ikayamba kukwera, injini imatentha moti mwendo suyandikira, fungo la oyilo wopserera n'kumamufika ngakhale wokwera kumbuyo. Ife a kabaza tatopa nazo. Chotitopetsa kwambiri n'kumangouzidwa kuti vuto ndi ifeyo, ati sitidziwa kusamala njinga.

Kudziwa timadziwa. Ambirife tinagula njinga zoti zayenda kale, za 125 kapena 150, zina zolowera pa Muloza kuchokera ku Milange. Injini zake zilibe madzi oziziritsa. Zimadalira mphepo yodutsa m'timizere tachitsulo ta pa silinda, ndi oyilo amene sapitirira kwenikweni lita imodzi. Mphepoyo imabwera njinga ikamathamanga. Nanga kuno uthamangira pati? Ukasiya tala n'kulowa m'tinjira ta m'mphepete mwa minda ya tiyi, ndi chitunda pambuyo pa chitunda, uli pa giya wani kapena thu, wanyamula munthu ndi thumba lake la chimanga. Injini ikulira mokweza, koma njinga ikuyenda pang'onopang'ono, mphepo palibe. Nthawi ya dzinja, pamene ntchito ya tiyi ili pachimake ndipo okwera achuluka, matope a katondo amamatirira m'timizere tija n'kuuma gwa ndi kutentha kwa injini. Madzulo timawatokosa ndi kawaya, mawa lake adzazanso. Mu Okutobala m'malo mwa matope ndi fumbi, ndipo limathera mu fyuluta.

Koma gwero lenileni la kuphulikaku ndi mafuta, ndipo apa m'pamene mitima imatiwawa. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera: petulo, oyilo, matayala, pulagi. Mtengo wokwerera sitingaukweze momwemo, chifukwa amene timawanyamula ndi anzathu omwewa, othyola tiyi ndi alimi, amene ndalama yawo timaidziwa kukula kwake. Tsono munthu umapita kwa makaniko n'kunena kuti, “Achimwene, ichepetseniko, ikumwa kwambiri.” Iye amapotoza kasikuluwu ka pa kabureta, mwina kutsitsa singano ya m'kati, uku akukuchenjeza kuti, “Ndichepetsa, koma mubweranso ndi nkhani ya mavalavu.” Amanena zoona. Petulo akachepa mpweya n'kuchuluka, injini imatentha kuposa muyeso, chifukwa petuloyo amathandizanso kuziziritsa m'kati. Ndipo ukabweza moto pa mtsetse, zosakanizazo sizipsa bwino m'silinda, zimatuluka zili zosapsa n'kukayakira mu ekizozi yotentha. Ndiko kuphulika kumene anthu amamva. Sikuti tikudzionetsera ayi, njingayo ikuyenda ndi njala.

Pulagi sinama. Imasuleni injini itazizira, muyang'ane kunsonga kwake. Njinga ikakhala bwino, nsongayo imaoneka yofiirira ngati tiyi wothira mkaka. Ikada bii ndi mwaye, petulo wachuluka kapena fyuluta yatsekeka. Zathuzi zambiri zimatuluka zoyera mbuu, zina zitachita timatuza, kachitsulo ka pamwamba katadyeka. Makaniko amangoitembenuza m'zala, kukuonetsa, osanenanso kanthu.

Nthawi zina kabureta sunaikhudze n'komwe, koma mpweya ukulowera pena. Kampira kolumikiza kabureta ndi injini kamauma n'kung'aluka. Gasiketi ya pakamwa pa ekizozi imapsa, ndipo umaona mwaye wakuda utazungulira polumikizirapo. Izi n'zazing'ono, zosinthika m'kanthawi kochepa. Vuto ndi zimene timagulazo. Munthu umawononga tsiku lathunthu ndi ndalama ya thiransipoti kupita ku Limbe, n'kubwerako ndi gasiketi yooneka bwino m'pepala lake, koma mwezi usanathe yapsanso. Oyilo nayenso alipo wina wogulitsidwa m'mabotolo otsekedwa bwinobwino, koma ukayenda naye masiku ochepa amasanduka madzimadzi akuda. Wogulitsa amakuuza kuti ndi orijino. Ukabwerera kukadandaula amati njinga yako ndiyo yakalamba. Tikadandaule kwa yani? Amene ntchito yawo ndi kuyendera masitolo n'kuona ngati katundu ali weniweni, kuno kumudzi sitiwaona.

Nkhani ya petulo wa m'mabotolo ndiye yosayamba. Kumalo omwetsera mafuta n'kutali, ndipo pa nthawi zija mafuta ankasowa m'dziko muno, ulendo wa ku boma kapena ku Luchenza unkangothera pa mzere. Timagula wa pamsewu, wotungidwa m'zigubu zimene sitidziwa kuti munali chiyani. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Kuno kwathu kwa chiperoni, petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amatenga madzi, thanki imachita dzimbiri m'kati, tizinyalala n'kukatseka kajeti kakang'ono ka mu kabureta, kamene kamadyetsa injini moto ukakhala wochepa. Kajetiko kabowo kake n'kosaoneka bwino ndi maso. Kakatsekeka, njinga imazima ukangoima, imafuna choko ngakhale masana, ndipo pa mtsetse kuphulika kumawirikiza.

Mavalavu nawo amafuna kampata koyezedwa bwino. Kakachepa, valavu sitseka, moto umadutsa n'kuidya m'mphepete, njinga n'kutha mphamvu ikatentha. Amakaniko athu a pansi pa mtengo ndi anthu aluso, sitiwanyoza, koma ambiri alibe chida choyezera, amagwiritsa ntchito lezala ndi khutu. Bwanji maphunziro a ntchito zamanja osawafikira anthu amenewa komwe ali, ndi zida zomwe? Njinga zamoto zadzaza boma lonse la Thyolo, ndipo ndi zimene zasanduka basi ya kumudzi.

Wokwera sadziwa zonsezi, ndipo sitimuimba mlandu. Amangofunsa kuti, “Ankolo, koma njinga yanuyi itifikitsa?” Pakati pa chitunda injini ikayamba kugogoda, umaima, kumupempha atsike kuti muyembekeze izizire. Ena amamvetsa. Ena amati sapereka yonse poti ayendako wapansi. Anyamata ongoyamba kumene amathamangira kumtsinje n'kuikhuthulira madzi ozizira, osadziwa kuti chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimapindika kapena kung'aluka. Akuluakulu timawaletsa, koma munthu wofulumira samva. Ndipo pali maulendo ena osati n'kuyembekeza. Usiku akakugogodera kuti mayi wapakati wayamba kudwala, afike ku chipatala cha Malamulo ku Makwasa, suganiza za pulagi kapena oyilo. Umakwera chitunda chonse injini ikununkha, mtima uli m'mwamba, ukupemphera kuti isagwire panjira.

Tsiku limene imagwiradi, pisitoni itakakamira m'silinda, ndiye kuti pafunika pisitoni, malingi, magasiketi, mwina kukaboola silinda m'tauni. Oyilo amene tinamuchedwetsa kusintha, ndi petulo amene tinamupulumutsa pochepetsa kabureta, zonse timazibweza pamenepo kangapo. Ambiri mwa ife njinga si zathu, timayendetsera eni ake amene amayembekezera ndalama yawo madzulo alionse, kaya njinga yayenda kaya ili kwa makaniko. Tikupempha kuti misewu ya m'midzi muno izipalidwa mvula isanayambe, mafuta azipezeka pa pampu, ndipo wogulitsa oyilo ndi masipeya achinyengo aziyankha mlandu monga momwe ife timayankhira tikapezeka pamsewu opanda mapepala.