Makampani a mawebusaiti: Alandira makwacha, alipira madola

Pomwe banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, maso a anthu ambiri adali pa mtengo wa mafuta, feteleza ndi shuga. Padali gulu lina lomwe lidapsa nawo mwakachetechete: achinyamata omwe ali ndi timakampani topanga mawebusaiti ndi mapulogalamu a pafoni ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu.

Anthu amaona ngati ntchito imeneyi imangofuna laputopu ndi nzeru basi, koma zinthu sizili choncho. Webusaiti iliyonse imafuna malo okhala pa seva, dzina lake lomwe limalipiridwa chaka ndi chaka, ndiponso mapulogalamu ena a lendi. Zambiri mwa izi amagulitsa ndi makampani akunja monga Amazon, Google ndi Microsoft, ndipo iwowa salandira kwacha. Dola itachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, bilu ya madola 100 idakwera kuchoka pa K118,000 kufika pa K170,000 usiku umodzi. Kasitomala yemwe adasainirana mgwirizano wa chaka chonse mu Januwale sadawonjezere ngakhale tambala, ndipo mpata wonsewo udatsekedwa ndi thumba la mwini kampani. Apa n'kuti kwacha itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022.

Kukwera mtengo n'kupiririka poyerekeza ndi kusowa kwenikweni kwa dola. Mabanki akachepetsa ndalama zomwe khadi ingalipire kunja, bilu ya seva imakanika kudutsa ngakhale mu akaunti muli makwacha okwanira. Kompyuta ya kampani yakunja simva za mzere wa ku banki. Tsiku likakwana imangotseka. Sukulu kapena shopu yomwe webusaiti yake yazima siimba foni ku Seattle, imaimbira mnyamata wa ku Area 47 yemwe adaipanga.

N'chifukwa chake kulemba mgwirizano kwasanduka luso lofunika mofanana ndi kulemba mapulogalamu. Njira yanzeru ndi kulekanitsa mitengo iwiri: wa ntchito ya manja, womwe ungakhale m'makwacha, ndi wa zinthu zogula kunja, womwe uyenera kuunikidwanso dola ikasuntha. Kasitomala angathenso kulipira yekha seva ndi dzina la webusaiti. Ambiri opanga mawebusaiti sakonda njirayi chifukwa imawalanda kaphindu ka pamwamba, komabe imawachotsera ngongole yomwe sadaipange. Chimodzimodzi kulandira gawo la ndalama ntchito isanayambe: kampani ya anthu atatu singadikire miyezi isanu ndi umodzi kuti ofesi ina isaine cheke.

Nkhani ya dzina la webusaiti ili ndi mbali ina yowawa. Si zachilendo kumva bungwe likudandaula kuti yemwe adalipangira webusaiti adapita ku Johannesburg kapena adasintha nambala, ndipo mapasiwedi onse adapita naye. Dzina likalembetsedwa m'dzina la wopanga osati la mwini bizinesi, mwini bizinesiyo amakhala mlendo m'nyumba yake yomwe. Dziko lonse lidaona kukula kwa vuto lotere kumayambiriro kwa 2024, pomwe nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti akuba a pa intaneti adalowerera makina a nthambiyo ndipo amafuna dipo. Mkangano wa chomwe chidachitika kwenikweni udatenga nthawi, koma mafunso omwe adatsala ndi omwenso shopu ya ku Limbe iyenera kufunsa: makiyi a makinawa ali ndi yani, ndipo makope a zonse zosungidwamo ali kuti? Kampani yaing'ono yomwe imapereka makiyi ndi makope kwa kasitomala pa tsiku lomaliza ntchito imaoneka ngati ikudzichotsera msika, chonsecho ndi yomwe kasitomala amabwererako.

Pa kapangidwe ka webusaiti, cholakwika chofala ndi kupangira kasitomala yemwe kulibe. Wopanga amayesera ntchito yake pa laputopu yamphamvu ndi intaneti ya mu ofesi, pomwe Mmalawi wamba adzaitsegula pa foni yotsika mtengo, ndi bandulo yomwe akuiwerengera. Tsamba lodzaza zithunzi zikuluzikulu ndi makanema odziyambira okha limadya bandulo munthu asanaone n'komwe mtengo wa katundu, ndipo sabweranso. Kuchepetsa kukula kwa zithunzi, kuika nambala ya foni ndi mitengo pamwamba, kulemba m'Chichewa kapena m'Chitumbuka pomwe ogula ndi a zilankhulozo, ndi zinthu zosafuna dola ngakhale imodzi. Satifiketi yotetezera webusaiti nayo imapezeka ulere kudzera ku Let's Encrypt, ndipo WordPress, yomwe mawebusaiti ambiri padziko lapansi amagwiritsa ntchito, siigulidwa.

Kulipira nako kuli ndi njira yakeyake kuno. Wogula wa ku Ndirande ali ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, osati khadi ya Visa, ndipo Stripe, yomwe maphunziro ambiri a pa YouTube amaphunzitsa, silembetsa mabizinesi a ku Malawi. Yemwe wadziwa kulumikiza webusaiti ndi ndalama za pafoni, kapena kupanga ntchito yoyendera manambala a USSD omwe amagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani, ali ndi chinthu chomwe mpikisano wakunja sungamulande msanga. Mpikisano wake weniweni ndi Facebook ndi WhatsApp, komwe amalonda ambiri amagulitsa kale popanda kulipira wopanga aliyense. Webusaiti yongoonetsa chithunzi cha bwana ndi mbiri ya kampani singapambane pamenepo. Yomwe ingagulidwe ndi yochita ntchito yooneka, monga kutolera fizi, kusunga kaundula wa katundu kapena kutumiza malisiti.

Malamulo nawo asintha. Kuwonjezera pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection la 2024, lomwe lidapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira momwe mbiri za anthu zimasungidwira. Pulogalamu ya kachipatala kapena ya banki mkhonde imasunga maina, manambala a foni ndi a zitupa, ndipo kuzisiya poyera tsopano ndi nkhani ya lamulo.

Malo ophunzirira alipo: mHub, yomwe adayambitsa Rachel Sibande ku Lilongwe, komanso masukulu a MUBAS, MUST ndi Mzuni akutulutsa achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu chaka chilichonse. Ambiri mwa akatswiriwa apeza yankho lawolawo pa vuto la dola: kugwirira ntchito makampani akunja ali konkuno, n'kumalandira malipiro m'ndalama yomweyo yomwe amalipirira seva. Kwa iwo ndi nzeru. Kwa sukulu ya ku Kasungu yomwe ikufuna pulogalamu yotolera fizi, zikutanthauza kuti wodziwa ntchitoyo bwino ali wotanganidwa ndi kasitomala wa ku London.