ZA KUKHITCHINI: Pogula panela ya mkuwa

Mayi wofuna panela ya mkuwa ayambe waona kuchindikala kwake, poti mtengo wake si wamasewera. Yabwino imakhala ya mamilimita 2 mpaka 2,5, monga zimene amasula ku Villedieu-les-Poêles, m'dziko la France, kumene kampani ya Mauviel inayamba ntchito mu 1830. Yopyapyala ndi yokongoletsera khoma basi.

Mkuwa umafalitsa kutentha msanga kuposa aluminiyamu, choncho ndiwo sizipserera pakati pokha. Koma m'kati muzikhala mokutidwa ndi estanho kapena chitsulo chosachita dzimbiri. Mkuwa wosakutidwa ukakumana ndi matimati kapena mandimu umalowa m'chakudya n'kudwalitsa banja m'mimba.

Estanho amasungunuka pa madigiri 232, motero panela yopanda kanthu isasiyidwe pamakala. Mkuwa ukayamba kuonekera m'kati, panelayo ipume kaye kufikira itakutidwanso.